Kodi dokotala amadziwa bwanji kuti munthu wamwaliradi?

Lachinayi pa 5 Epulo 2012, chakum'mawa, mtsogoleri wa dziko lino pa nthawiyo, Bingu wa Mutharika, anagwa mwadzidzidzi kunyumba ya boma ku Lilongwe. Anathamangira naye kuchipatala cha Kamuzu Central. Usiku wa tsiku lomwelo ndege inanyamuka naye kupita ku South Africa, Amalawi akungomva zoti mtsogoleri wawo wadwala. Boma linalengeza za imfa yake pa 7 Epulo, tsiku lomwenso Joyce Banda analumbira kukhala pulezidenti kunyumba ya malamulo ku City Centre. Kwa miyezi ingapo anthu ankakangana: kodi anamwalira pa 5, pa 6 kapena pa 7?

Ambiri a inu munali makanda pa nthawiyo, koma funso limeneli linali lolemera kuposa miseche ya m'minibasi. Malamulo aakulu a dziko lino amati mpando wa pulezidenti ukakhala wopanda munthu, wachiwiri wake ndiye amatenga udindowo. Ndiye kuti ola lomwe mtima wa munthu mmodzi unaima ndi lomwe linkanena yemwe akulamulira dziko. Komiti yofufuza yomwe ankaitsogolera Justice Elton Singini inatulutsa lipoti lake mu Malichi 2013. Inapeza kuti Mutharika anamwalira pa 5 Epulo, ali mu ambulansi panjira yopita kuchipatala, mtima wake utasokonekera kagundidwe n'kuima.

Ine ndimaphunzitsa Fizikisi, ndipo nkhani ya imfa ndimaiona ngati yathu ndithu. Dokotala akafuna kutsimikiza kuti munthu wamwalira, amadalira phokoso, magetsi ndi kuwala. Akafuna kudziwa nthawi yomwe wamwalira, amadalira kutentha ndi mphamvu yokoka ya dziko. Zonsezi ndi mitu ya m'silabasi yanu. Ndikudziwa kuti ena mwa inu mwataya okondedwa posachedwapa, choncho werengani mwapang'onopang'ono, ndipo ikalemera mukhoza kuisiya kaye.

Thupi limazima ngati mbaula

Mukathira madzi pang'ono pa mbaula, malawi amazima nthawi yomweyo, koma makala ena amayakabe mkati, ndipo mbaulayo imatenthabe kwa kanthawi. Thupi la munthu limateronso. Mtima ukaima, magazi amasiya kunyamula okosijeni, koma maselo safera limodzi onse.

Ubongo ndiwo umayamba kuvutika. Pa kulemera kwa thupi lonse, ubongo ndi magawo awiri okha pa 100, koma umadya pafupifupi magawo 20 pa 100 a okosijeni yemwe thupi limagwiritsa ntchito. Ulibenso nkhokwe yosungiramo. Mtima ukaima, munthu amakomoka pasanathe masekondi 15, ndipo pakadutsa mphindi zinayi mpaka zisanu ndi imodzi maselo a ubongo amayamba kufa. Minofu imapirira kwa maola angapo, khungu limapirira kuposa pamenepo. Ndiye imfa tiiike pati? Pa selo loyamba kufa, kapena pa lomaliza?

Madokotala ndi akhoti anagwirizana kuika mzere pamalo pamene kubwerera sikungathekenso. Munthu wamwalira ngati wataya mpaka kalekale zinthu ziwiri: kutha kutsitsimuka ndi kutha kupuma payekha. Mawu ofunika apa ndi akuti mpaka kalekale. Pali njira ziwiri zotsimikizira zimenezi, ya mtima ndi ya ubongo.

Njira yoyamba: mtima ndi mpweya

Imfa zambiri, kaya ku Kamuzu Central, ku Bwaila kapena kuchipatala chaching'ono cha kumudzi, amazitsimikiza mwa njira imeneyi. Dokotala amayamba waitana munthuyo ndi kumugwedeza. Kenako amagwira mtsempha waukulu wa pakhosi kuti amve ngati ukugunda. Sadalira wa padzanja, chifukwa magazi akatsika mphamvu, wa padzanja umasowa munthu akadali moyo.

Akatero amaika stethoscope pachifuwa. Chipangizochi anachiyambitsa ndi dokotala wa ku France, René Laennec, mu 1816, ndipo poyamba chinali pepala lopindidwa ngati mpope. Paja phokoso ndi kunjenjemera komwe kumayenda mu zinthu. Stethoscope imatola kunjenjemera kwa khoma la chifuwa n'kukutsekera m'kapaipi kuti kusabalalike mumpweya. Kugunda kuwiri komwe dokotala amamva ndi phokoso la timavalavu ta mtima tikamatseka.

Kumene kuli makina, amaonanso ECG. Mtima umagunda chifukwa cha magetsi omwe umapanga wokha, ndipo pakhungu magetsiwa amafika ali ochepa kwambiri, pafupifupi millivolt imodzi. Batire ya mu tochi ili ndi mavolti 1.5, ndiye kuti ndi yamphamvu ka 1,500 kuposa pamenepo. Willem Einthoven wa ku Netherlands ndiye anapanga makina oyamba odalirika oyezera magetsi amenewa, ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 1924. Magetsi a mtima akatheratu, mzere wa pa ECG umangokhala wowongoka.

Pomaliza amawunika m'maso ndi tochi. Kamwana ka m'diso ka munthu wamoyo kamachepa kuwala kukalowa, chifukwa uthenga umapita ku tsinde la ubongo n'kubwerera ku minofu ya diso. Yesani madzulo ano ndi kalilole ndi tochi ya pa foni, muona. Kwa munthu womwalira, kamwanako sikasuntha.

Dokotala wosamala sachita zimenezi mothamanga. Malangizo omwe madokotala a ku Britain anatulutsa mu 2008 amati ayang'anitsitse kwa mphindi zisanu zathunthu asananene kuti munthu wapita. Chifukwa chake n'chakuti nthawi zina, ngakhale sizichitika kawirikawiri, mtima woima umayambanso wokha m'mphindi zoyambirirazo.

Amene amaoneka ngati afa

Mwina munamvapo nkhani yoti wina wake anadzuka anthu atayamba kale kulira maliro, ndipo anthu n'kumati ndi ufiti. Sayansi ili ndi mayankho osavuta. Pali zinthu zomwe zimachepetsa kupuma ndi kugunda kwa mtima mpaka munthu wopanda zipangizo sangazimve: kuzizidwa kwambiri, kumwa kachasu wambiri, mankhwala ogonetsa, poizoni, kumira m'madzi, ndiponso kutsika kwa shuga m'magazi.

Chitsanzo chodziwika kwambiri ndi cha Anna Bågenholm. Mu Meyi 1999 anagwera mumtsinje woundana ku Norway n'kukhala pansi pa ayezi kwa mphindi 80. Pofika kuchipatala cha ku Tromsø mtima wake unali utaima, ndipo thupi lake linatsika kufika madigiri 13.7, pomwe la munthu wabwinobwino limakhala pa 37. Madokotala anatenthetsa magazi ake ndi makina pang'onopang'ono, mtima unayambanso, ndipo atachira anabwerera ku ntchito yake ya udokotala. Kuzizira kunachepetsa liwiro la ntchito zonse za m'maselo, choncho ubongo wake unkafuna okosijeni wochepa zedi. N'chifukwa chake madokotala satsimikiza imfa ya munthu wozizidwa asanamutenthetse kaye.

Kwathu kuno ayezi kulibe, koma mphenzi ilipo dzinja lililonse. Munthu woombedwa ndi mphenzi akhoza kusiya kupuma, mtima kuima, maso osasuntha, koma n'kupulumuka ngati wina amuthandiza msanga. Ndipo mvetsetsani ichi: thupi lake silisunga magetsi. Magetsi a mphenzi amadutsa n'kulowa pansi sekondi isanathe. Kumugwira sikungakuvulazeni.

Thandizo lake ndi kudinikiza pachifuwa, komwe amati CPR. Amene anatsogolera kafukufuku wa njira imeneyi, William Kouwenhoven wa ku Johns Hopkins ku Baltimore, anali injiniya wa zamagetsi, ndipo iye ndi anzake analengeza zotsatira zake mu 1960. Kuyambira pamenepo kuima kwa mtima kunasiya kukhala imfa pakokha. Kunasanduka ngozi yomwe nthawi zina imabwezeka.

Pano ndikonzeko bodza lina la m'mafilimu. Mumaona mzere wa ECG utawongoka, dokotala n'kumuomba wodwala ndi magetsi, basi wadzuka. Makina aja, defibrillator, amathandiza mtima womwe magetsi ake asokonekera, ukungonjenjemera osapopa magazi. Amauimitsa kamodzi n'kamodzi kuti uyambirenso mwadongosolo. Mtima wopanda magetsi n'komwe, makinawo sangaudzutse.

Njira yachiwiri: ubongo

Mu 1952 matenda a poliyo anavuta kwambiri ku Copenhagen, ndipo odwala ambiri ankalephera kupuma. Dokotala Bjørn Ibsen anaonetsa kuti mpweya ukhoza kukankhidwira m'mapapo kudzera pa kapaipi ka pakhosi. Ophunzira za udokotala ankasinthana usana ndi usiku kufinya timatumba ta mpweya ndi manja. Apa ndi pomwe panachokera zipinda za ICU ndi makina opumitsa a ventilator monga omwe ali ku Kamuzu Central lero.

Makinawa anabweretsa funso latsopano. Mtima uli ndi kagwero kakekake ka magetsi, sudikira lamulo la ubongo kuti ugunde. Kupuma ndiko kumadalira tsinde la ubongo. Ndiye munthu amene ubongo wake wafa, makina akamamupumira, mtima umagundabe, thupi n'kumafundabe. Kodi ameneyo ndi wamoyo?

Funsoli linakula pa 3 Disembala 1967, pomwe Christiaan Barnard anaika mtima wa munthu mwa munthu wina koyamba padziko lonse, kuchipatala cha Groote Schuur ku Cape Town. Mtimawo unali wa mtsikana yemwe ubongo wake unawonongeka atagundidwa ndi galimoto, ndipo wolandira, Louis Washkansky, anakhala nawo moyo masiku 18. Chaka chotsatira, mu 1968, komiti ya pa sukulu ya udokotala ya Harvard inalemba zizindikiro zodziwira kuti ubongo wafa ndipo sungabwererenso.

Mayeso ake ndi okhwima. Choyamba madokotala ayenera kudziwa chomwe chawononga ubongowo, monga ngozi ya pamsewu kapena kuphulika kwa mtsempha m'mutu. Chachiwiri ayenera kutsimikiza kuti wodwalayo sanazizidwe ndipo alibe mankhwala ogonetsa m'thupi. Akatero amayesa tsinde la ubongo. Amawunika m'maso. Amakhudza diso ndi kathonje kuti aone ngati aphethira. Amathira madzi ozizira kwambiri m'khutu, zomwe kwa munthu wamoyo zimachititsa maso kusuntha okha. Amalowetsa kapaipi kukhosi kuti aone ngati atsokomola. Pomaliza amachotsa ventilator kwa mphindi zingapo, uku akumupatsabe okosijeni, kuti mpweya wa carbon dioxide uchuluke m'magazi. Mpweya umenewu ndiwo umakukakamizani kupuma mukadzitsina mphuno. Ukachuluka koma chifuwa osanyamuka ngakhale kamodzi, ndiye kuti gawo lolamula kupuma lafa. M'mayiko ambiri mayesowa amachitidwa ndi madokotala awiri.

Musasokoneze zimenezi ndi kukomoka kwa nthawi yaitali. Munthu wokomoka tsinde la ubongo wake limagwirabe ntchito, ndipo ena amatsitsimuka patapita milungu. Ameneyo ndi wamoyo, ndipo ayenera kusamalidwa ngati wodwala wina aliyense.

Anamwalira nthawi yanji?

Tsopano tiyerekeze kuti munthu wapezeka atafa m'nyumba ku Area 10 kapena m'mbali mwa mtsinje wa Lilongwe, popanda woona. Apolisi amafuna kudziwa nthawi, chifukwa woganiziridwa akanena kuti pa ola limenelo anali kwina, khoti liyenera kudziwa kuti ola lake ndi liti. Thupi lili ndi mawotchi angapo.

Wotchi yoyamba ndi kutentha. Munthu wamoyo atangokhala amatulutsa kutentha pafupifupi mawati 100. Akamwalira, moto wa m'maselo umazima, koma kutentha kumapitiriza kuthawa kudzera m'njira zitatu zomwe mumaphunzira zija: kugusana ndi pansi, kuyenda kwa mpweya, ndi cheza. Tiwerengere ndi Q = mcΔT. Thupi la munthu limafuna majuli pafupifupi 3,500 kuti kilogalamu imodzi isinthe ndi digiri imodzi. Munthu wa makilogalamu 60 ayenera kutaya 60 × 3,500 = majuli 210,000 kuti atsike digiri imodzi. Gawani ndi masekondi 3,600 a mu ola, mupeza mawati 58. Ndiye thupi lotaya mawati pafupifupi 60 limatsika digiri imodzi pa ola, ndipo umu ndi momwe matupi ambiri amazizirira m'maola oyambirira pamalo ozizirirapo.

Koma liwiro limeneli silikhala chimodzimodzi. Isaac Newton analemba mu 1701 kuti chinthu chimazizira mofulumira pamene kusiyana kwa kutentha kwake ndi kwa malo ochizungulira kuli kwakukulu. Tiyi wanu amatsika msanga m'mphindi zoyamba, kenako amangokhala wofunda kwa nthawi yaitali. Tiyerekeze kuti chipinda chili pa madigiri 21, thupi pa 37. Kusiyana ndi 16. Tiyerekezenso kuti kusiyanaku kumatsika ndi theka maola 8 alionse. Pakatha maola 8 thupi lili pa 29, pakatha 16 lili pa 25, pakatha 24 lili pa 23. Dokotala akaliyeza 6 koloko m'mawa n'kupeza 29, anena kuti imfa inachitika cha m'ma 10 koloko usiku.

Tsopano sunthani nkhani yomweyi muiike mu Okutobala, m'nyumba ya malata yomwe yafika madigiri 33. Kusiyana ndi 4 basi. Pakatha maola 8 thupi langotsika madigiri awiri, ndipo kulakwitsa digiri imodzi poyeza kukhoza kusuntha yankho ndi maola ambiri. Ku Nsanje ndi ku Chikwawa, komwe kunja kumatha kupitirira madigiri 40, thupi likhoza kutentha m'malo mozizira. Mabuku ambiri a phunziroli analembedwera kumayiko ozizira, choncho dokotala wa kuno ayenera kuganiza ndi nyengo yakuno.

Pali zinanso zosokoneza wotchiyi. M'maola oyambirira mkati mwa thupi simutsika msanga, chifukwa kunja kumayenera kuzizira kaye. Munthu wonenepa kapena wofunda bulangete amazizira mochedwa. Mwana amazizira msanga chifukwa khungu lake ndi lalikulu poyerekeza ndi kulemera kwake. Madzi amayendetsa kutentha kuposa ka 20 poyerekeza ndi mpweya, ndiye thupi la m'madzi limazizira mofulumira. Womwalira ndi malungo akhoza kuyambira pa 40 m'malo mwa 37. N'chifukwa chake dokotala wabwino sanena kuti 10:15. Amati pakati pa 8 koloko ndi 12 koloko usiku.

Wotchi yachiwiri ndi magazi. Pampu ikaima, magazi amatsikira kumunsi chifukwa cha mphamvu yokoka ya dziko, ngati madzi a m'payipi. Mbali ya thupi yomwe ili pansi imasintha mtundu pasanathe maola awiri, kupatula malo omwe apanikizidwa ndi pansi. Pakadutsa maola 8 mpaka 12 mtunduwo susunthanso. Pakhungu lakuda zimenezi zimavuta kuona, choncho dokotala amayang'ananso m'zikhato, m'zikhadabo ndi m'ziwalo za mkati. Thupi likapezeka chafufumimba koma magazi ali kumsana, ndiye kuti wina analitembenuza kapena kulisuntha patapita maola. Umenewo ndi umboni.

Wotchi yachitatu ndi kuuma kwa minofu. Minofu imafuna mphamvu ya ATP kuti imasuke ikakokana. ATP ikatha, imangogwirana. Kuumaku kumayamba kuonekera m'zikope ndi m'nsagwada pakadutsa maola awiri mpaka 6, kumafika thupi lonse cha pa maola 12, n'kutha pakadutsa tsiku limodzi kapena awiri. Kukatentha zonsezi zimafulumira. Makolo athu ankazidziwa zimenezi popanda labu. N'chifukwa chake akuluakulu amafulumira kutseka maso ndi pakamwa pa womwalira ndi kumuwongola manja ndi miyendo. Zoti tsitsi ndi zikhadabo zimakulabe si zoona: khungu ndilo limauma n'kubwerera m'mbuyo.

Pakadutsa masiku, mawotchi atatuwa amakhala atasiya. Apa akatswiri amaona mphutsi za ntchentche zobiriwira zija, zomwe zimaikira mazira pathupi m'maola oyambirira. Kukula kwa mphutsi kumadalira kutentha, choncho msinkhu wa zazikulu kwambiri umasonyeza masiku omwe apita.

Chamupha n'chiyani?

Kunena kuti mtima unaima sikuyankha funsoli, paja aliyense womwalira mtima wake umaima. Dokotala wopima matupi amafuna chomwe chinayambitsa: malungo, chipolopolo, poizoni, kumira. Amathandizanso khoti kudziwa mtundu wa imfayo, ngati ndi ya matenda, ya ngozi, yodzipha kapena yophedwa.

Pa 24 Sepitembala 2011, Robert Chasowa, wophunzira pa Polytechnic ku Blantyre, anapezeka atafa pa sukulupo. Poyamba kunamveka kuti anadziponya kuchokera pa nyumba yosanja. Dr Charles Dzamalala wa ku College of Medicine atapima thupi, anapeza kuti mabala a m'mutu anali a kumenyedwa ndi chinthu, osati a kugwa. Ganizani ndi mgh. Munthu wa makilogalamu 60 akagwa mamita 10 amafika pansi ndi majuli pafupifupi 6,000, ndipo mphamvu imeneyo imayenera kupita penapake, kawirikawiri m'mafupa a miyendo, chiuno, nthiti ndi msana. Komiti yofufuza ya mu 2012 inagamula kuti Chasowa anachita kuphedwa.

Zoti mutengepo

Mukapeza munthu wagwa, sakuyankha ndipo sakupuma bwino, musathamangire kunena kuti wapita. Imeneyo ndi ntchito ya achipatala. Kuwani kuti anthu abwere, tumani wina akapeze galimoto, inu muike manja pakati pa chifuwa n'kumadinikiza mwamphamvu, masentimita 5 mpaka 6 kulowa mkati, ka 100 mpaka 120 pa mphindi. Kumbukirani mphindi zinayi za ubongo zija.

Koma mukapeza thupi lomwe lauma kale kapena layamba kuwonongeka, ndipo imfayo ndi yokayikitsa, musalisunthe, musalisambitse, musatole chilichonse pamalopo. Dziwitsani apolisi ndi amfumu kapena akuluakulu a m'dera. Ndikudziwa kuti pa mwambo wathu kusiya maliro osaphimba kumaoneka ngati kusowa ulemu, ndipo mabanja ambiri safuna kuti thupi la m'bale wawo lipimidwe. Koma bulangete limasintha kazizilidwe ka thupi, ndipo madzi amachotsa umboni womwe mwina ndi wokhawo ungalankhulire womwalirayo kukhoti.

Ntchito yanu ya sabata ino ndi iyi. Thirani madzi otentha m'makapu awiri ofanana, imodzi muikulunge ndi chitenje, inayo muisiye pa simenti. Bwerekani thermometer ku labu, yezani kutentha mphindi zisanu zilizonse kwa ola limodzi, ndipo jambulani magirafu awiri papepala limodzi. Kenako mupatseni mnzanu kutentha kwa kapu imodzi osamuuza kuti ndi iti, ndipo mumufunse kuti madziwo munawathira nthawi yanji. Muone kuti aphonya ndi mphindi zingati.